Wotsala m'Pikapu ya a Mulipa

Amene munakwerapo matola mukuchidziwa chilankhulo cha anthu a kubodi. Wokhala kumbuyo salankhula ndi dalaivala pakamwa, mphepo ingamulande mawu. Amamenya denga. Gu! gu! ndiye kuti takwera tonse, tiyeni. Gu! gu! pakati pa ulendo, ndiye kuti ndafika pakwathu, nditsitseni. Ndayamba dala ndi zimenezi, kuti tikafika pa kugogoda kuja pasapezeke wina wondipanikiza ndi mafunso ngati tili kukhoti.

Ku Bangwe, chakumtunda kumene madzi a m'mipope amafika atatopa, kunkakhala bambo wina dzina lake Yotamu Mulipa. Anayendetsa galimoto yoperekera buledi mpaka imvi zinamera, ndipo atapuma ntchito, m'malo mokakhala pa bawo ngati anzake, anamanga shedi ya malata kuseri kwa nyumba n'kuitcha galaja. M'galajamo anaikamo chiphapha cha pikapu yakalekale, ya zija za magiya a pachiwongolero. Inalibe magalasi, inalibe matayala, ndipo dzimbiri linali litaidya mpaka munthu ukakhala pampando unkaona dothi pakati pa mapazi ako.

Pikapuyo inali ya malemu bambo ake. Tsiku lomaliza kuyenda ndi tsiku limene inanyamula mwini wakeyo ali m'bokosi, kupita naye kumudzi ku Phalombe. Inazima pafupi ndi mlatho wa Thuchila, mvula ili pakati, ndipo sinalirenso. Maliro anawasamutsira pa lole ina, pikapu n'kuikankhira pabwalo la banja lina la m'mbali mwa msewu. Yotamu nthawi imeneyo anali mwana wa sukulu. Anakula, anakwatira, anaona zidzukulu, galimoto ili pomwepo.

Tsiku limene anapita kukaitenga, mwini bwalolo, a Makwinja, anamuthandiza kumanga chingwe mwachangu chodabwitsa.

"Tengani, achimwene, tengani lero lomwe," anatero. "Sindikuti inandilakwira ayi. Koma nkhuku zangazi zimaikira paliponse, mu mtondo, m'chipewa changa, paliponse. M'bodi umo sinalowepo ngakhale imodzi. Ana nawonso amasewera kutsogoloku, pachiwongolero. Kumbuyoko sakwerako, ndipo palibe anawaletsa."

Yotamu anaseka. Anali dikoni kumpingo, munthu wokhulupirira kuti chilichonse chovuta pa galimoto chili ndi nati yake.

Ntchito inayamba ngati masewera. Pang'onopang'ono ndi mtolo: lero wapala dzimbiri, mawa ali ku Ndirande kusakasaka mapulagi, mkuja akuwotcherera pansi pa mpando. Mkazi wake Feliya anadandaula mpaka kutopa. Beseni lake lochapira linasanduka losukiramo kabuleta, ndipo chitenje chilichonse chikangoyamba kusuluka chinkapezeka m'galaja chili girizi yekhayekha. Koma panalibe chothamangira, ndipo Yotamu ankakondwa kungomva fungo la oyilo m'manja mwake.

Chimene chinasintha zonse ndi matenda a mayi ake.

Mayiwo, a Elube, ankakhala pakhomo pomwepo, nkhalamba yaifupi ya lilime lakuthwa. Chimwalirireni amuna awo, anakana kuti pamanda pamangidwe chiliza. Achibale akabwera ndi nkhaniyo ankawabweza ndi mawu amodzimodzi: "Mumangira ndani? Mwini wake sanafike." Ankati amawalota ataima m'mbali mwa msewu, chipewa kumutu, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wodikira chokwera. Poyamba anthu anati ndi chisoni. Zaka zitapita anati ndi ukalamba. Palibe anawafunsa bwinobwino.

Chaka chimenecho mtima wawo unayamba kufooka, miyendo n'kutupa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala n'kuuza Yotamu kuti, "Kawasamaleni bwino kunyumba," ndipo tonse tikudziwa tanthauzo la mawu amenewo. A Elube anati akufuna kwawo ku Phalombe. Yotamu anati apeza galimoto yahayala ya mipando yofewa.

"Iwe Yotamu," anatero mayiwo, "ine m'tauni muno ndinabwera pa galimoto ya amuna anga. Ndibwerera pa yomweyo. Ikakukanika, udzangondikwirira konkuno kwa eni."

Yotamu anachita mantha enieni. Mayi ake sanali munthu wobweza mawu, ndipo mpweya wawo unkafupika sabata ndi sabata. Masewera aja anatha. Ankalowa m'galaja tambala asanatsike, n'kutulukamo maso atasiya kuona mabauti.

Ndiye m'pamene tinthu tinayamba.

Makaniko aliyense amadziwa kuti sipanala ya teni ili ndi miyendo, imasowa yokha. Koma kwa Yotamu zinkachitika mosemphana: zosowa zinkabwerera. Nati ikagwera m'fumbi, iye n'kuifuna mpaka kutukwana chamumtima, m'mawa ankaipeza pamphepete pa bodi, itapukutidwa. Sipanala zimene wazisiya mbwee pansi ankazipeza zitandandalikidwa kuyambira yaing'ono kukathera yaikulu. Anathokoza Feliya. Feliya anati, "Ine ndilowe m'dzala lanulo? Kuti ndikatengemo chiyani?" Yotamu anakumbukira munthu mmodzi yekha amene ankasanja zitsulo mwa njira imeneyo, bambo ake, ndipo ankamukoka khutu akazisokoneza.

Kenako galimoto inaoneka kuti yapendekeka. Mbali ya kumanzere, kumbuyo, inali yotsika ngati pali katundu. Anasintha masipuling'i, anapopa matayala mofanana, anaikankhira pamalo ena poganiza kuti pansi m'posalingana. Inapendekekabe. Mphepo ya mu Ogasiti itayamba kulowetsa fumbi m'shedimo, bodi yonse inkayera mbuu, kupatula malo amodzi kumanzereko, pakona yotsamira kukebini. Pamenepo pankakhala pakuda bii, popanda fumbi, kukula kwake ngati pamene pakhala munthu wopinda miyendo.

Galu wawo, amene ankagona pansi pa galimoto iliyonse yobwera pakhomopo, ankafika pakhomo la shedi, n'kukhala pansi, n'kumagwedeza mchira kwa munthu amene panalibe.

Injini inatha kumangidwa. Batire linali latsopano, petulo ankafika, moto kumapulagi unali wabuluu bwinobwino. Yotamu anapotokola kiyi. Injini inazungulira, inazungulira, osalira. Anamasula, anamanganso, osalira. Anaitana makaniko wodziwika wa ku Ndirande, munthu wonyada kuti angathe kuliza ngakhale wilibala. Uja anayang'ana zonse, anati palibe cholakwika, nakhala pachiwongolero kuti ayese yekha. Asanagwire kiyi anakonza kagalasi koonera kumbuyo, monga amachitira madalaivala onse. Anayang'anamo. Anayang'ananso. Kenako anatsika pang'onopang'ono, osatembenuka, nati wakumbukira kuti kuli maliro ku Chirimba. Anasiya pulayala yake, ndipo sanabwere kudzaitenga.

Kuyambira pamenepo, kukada, m'shedimo munkamveka kugogoda. Sikunali kwa wakuba kapena kwa malata ozizira. Kunali kwa chikhatho pa denga la galimoto. Gu! gu! Kenako zii. Pakapita nthawi, gu! gu! Kunalibe ukali m'kugogodako. Kunali ngati kwa munthu waulemu amene wadikira kwambiri ndipo akungokumbutsa.

Feliya ndi amene analephera kupirira. Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, Yotamu anabwera kuchokera ku Limbe n'kumupeza atakhala pakhonde, mtanda wa mandasi utafufuma mpaka kusefukira m'mbale, iye osauona.

"Bambo a Tiyamike," anatero, "kunabwera munthu."

"Ndani?"

"Bambo wachikulire, wa jekete ndi chipewa. Anaima pageti paja. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa kuti, 'Mayi, kodi ya ku Phalombe inyamuka nthawi yanji?' Ndinati pano si pa depoti. Anati, 'Pepani, ndidikirabe.' Ndinalowa kuti ndimutengere mpando. Potuluka, palibe."

"Wasokera ameneyo."

"Analibe nsapato, bambo a Tiyamike. Anali ndi masokosi okha, oyera. Fumbi lonseli la ku Bangwe, masokosiwo analibe ngakhale kadontho."

Feliya apongozi ake aamuna sanawaonepo. Anakwatiwa iwo atapita kalekale. Yotamu anangoti mtandawo uwonongeka.

Zenera la chipinda cha a Elube linali pafupi ndi khondelo. Mawu awo anatuluka ofooka koma omveka: "Yotamu, talowa kuno."

Anawapeza atatsamira mapilo, akupuma movutika.

"Ukuganiza kuti ndine gonthi? Kugogoda kumeneko ndikukudziwa. Tandiuza. Tsiku la maliro lija ine ndinali pa galimoto ya amayi a mpingo, tinatsogola. Iwe unali pa pikapu ndi amalume ako. Itazima pa Thuchila, posamutsa bokosi, amalume akowo ananena chiyani?"

Yotamu anaganiza. Anaona mvula ija, matope, lole yoima injini ikulira, dalaivala wake akuimba hutala kuti mtsinje ukudzaza.

"Anati, 'Fulumirani, anyamata, bokosi linyowa.'"

"Kwa bambo ako ananena chiyani?"

"Palibe, amayi. Tinangonyamula n'kuthamanga."

A Elube anatseka maso. Misozi inatsika m'makwinya mwawo, ndipo Yotamu anali asanawaonepo akulira chichokereni kumanda.

Pajatu kwathu kuno maliro sanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Pochoka panyumba mumamuuza munthu kuti tikunyamuka. Pamtsinje mumamuuza kuti tikuoloka. Mukamasintha galimoto mumamuuza kuti tsikani, tikwere iyi. Ena amati n'zachikale, ndipo mwina akunena zoona, ine sindikangana ndi munthu. Koma tsiku limenelo, chifukwa cha mvula ndi hutala, anthu anathamanga ndi bokosi, mwini wake osamuuza.

"Zaka zonsezi," anatero a Elube. "Pamsewu, ngati wopanda abale. Ndipo munthu wake ndi uja, sakanatsika popanda womuuza. Ngakhale kuukwati ankakhala pamene wamuika."

M'mawa mwake, kusanatenthe, analamula kuti awanyamule kupita nawo kugalaja. Yotamu ndi Feliya anawagwira uku ndi uku. Katundu anali atamangidwa kale, koma a Elube anakana kuti chilichonse chiikidwe kumanzere kwa bodi. Anagwira mphepete mwa bodiyo ndi manja awo otupa, nalankhula ngati mmene ankalankhulira powadzutsa amuna awo kuti madzi osamba azizira.

"Bambo a Yotamu, ndine Elube. Ulendo uja sunathe. Lero tikupita kwathu. Khalani bwino, tikunyamuka."

M'shedimo munali zii. Kenako, pamwamba pa kebini yopanda munthu: gu! gu!

Feliya anagwira pakamwa. Yotamu anakwera, anaonetsetsa kuti asayang'ane m'kagalasi, napotokola kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati inazimitsidwa dzulo.

Anatsika nawo msewu wa Midima atatu kutsogolo, a Elube pakati. Pamtsinje uliwonse mayiwo ankatembenuzira mutu kumbuyo n'kunena dzina la mtsinjewo: tikuoloka. Anthu odikira matola m'mbali mwa msewu ankakweza dzanja poona bodi ya malo ambiri, koma galimoto ikayandikira ankalitsitsa. Mkulu wina wa panjinga anatsika n'kuvula chipewa. Yotamu anayang'ana kutsogolo kokha.

Dzuwa linakwera, m'kebini munatentha. Mawu a a Elube anayamba kuchepa. Milomo inauma, mutu unagwera paphewa la Feliya. Yotamu anawonjezera moto, mtima uli m'mwamba, kupempha Mulungu kuti angowafikitsa.

Atatsala pang'ono kufika pa mlatho wa Thuchila, moyang'anana ndi bwalo la a Makwinja, injini inazima. Sinatsokomole, sinachenjeze. Inangoleka, galimoto n'kuyenda yokha pang'ono mpaka kuima.

Yotamu anapotokola kiyi. Zii. Anatsika, anatsegula boneti, anagwira nthambo iyi ndi iyo. Zonse zinali m'malo mwake. Anyamata a kabaza anayamba kusonkhana, amayi ogulitsa tomato ndi nzimbe anaimirira kuti aone bwino, aliyense ndi nzeru yake: ndi batire, ndi petulo wamadzi, tiikankhe. Yotamu anathamangira kukatenga bokosi la zitsulo.

"Abambo," anaitana Feliya, "amayi akukufunani. Fulumirani."

A Elube anatsegula maso pang'ono. Kuti awamve anachita kulowetsa mutu pazenera.

"Siya zitsulozo. Pano ine panalibe. Unalipo ndiwe."

Yotamu anaimirira. Anayang'ana khamu lija. Panali anthu ambiri, ena a mafoni m'manja, ndipo iye anali dikoni, wovala jekete la kutchalitchi, munthu woti mawa nkhani ikafika ku Bangwe adzasowa poika nkhope. Kulankhula ndi bodi yopanda kanthu masana dzuwa likuwala! Anachita manyazi, tisabise. Koma anamvanso mmene mayi ake ankakokera mpweya, ngati munthu wotunga madzi pachitsime chakuya ndi chingwe chachifupi.

Anatseka boneti. Anazungulira kupita kumanzere kwa bodi, anavula kapu yake, nagwira pamphepete. Chitsulocho chinali chozizira, padzuwa lonselo.

"Ababa," anatero chapansipansi. Anayambiranso. "Ababa, ndine Yotamu. Pano ndi pa Thuchila. Paja tinakusiyani pano osakuuzani kanthu. Kunali mvula, tinathamanga ndi bokosi, inu n'kutsala. Pepani, ababa. Lero sitisintha galimoto. Ndi yanu yomwe ija, ndaikonza ndekha, ndipo zitsulo mwaona kuti ndikuyesetsa kusanja. Amayi ali kutsogoloku, sali bwino, ndipo akana kukafika okha. Musaope kuti tikusiyaninso. Khalani bwino. Tikuoloka."

Palibe anaseka. Mnyamata wina wa kabaza anabweza foni m'thumba n'kuvula chisoti. Mayi wina wogulitsa nzimbe anapita pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, anathyola kanthambi ka masamba aawisi, nadzakasomeka pakona ya bodi, monga tichitira ndi galimoto yonyamula maliro. A Makwinja anali ataima pabwalo lawo manja ali kumbuyo.

Anadikira. Ntchentche inazungulira. Kutali kunalira mbuzi.

Gu! gu!

Anthu onse anamva. Ena anabwerera m'mbuyo, mayi wina anati, "Mayo ine!" Yotamu anakwera, misozi ikutsikira m'ndevu, napotokola kiyi. Inalira. Matayala atagunda mlatho, a Elube anakoka mpweya wautali, woyamba wotero tsiku lonselo, napempha madzi akumwa.

Kuchokera pamenepo mitsinje anaitchula ndi Yotamu. Ankatsitsa galasi n'kufuula ngati kondakitala: "Likhubula, ababa, tikuoloka!" Anayambanso kuwonjezera zake, kuti msewu uwu anauthira tala, apa panali sitolo ya mmwenye paja pano ndi tchalitchi, uko ndi sukulu imene mdzukulu wanu Tiyamike akuphunzitsa. Feliya, amene m'mawa anali ndi mantha, anafika pomukumbutsa kuti, "Simunawauze za zidzukulu."

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka, phiri la Michesi litayamba kuda kumunsi. Yotamu ankafuna kukaima pakhomo penipeni kuti mayi ake asayende. Koma asanafike kunyumba zoyamba pali kanjira kopatukira kumanzere, kolowa m'nkhalango ya manda. Atafika pamenepo, pamwamba pa mitu yawo panamveka chikhatho.

Gu! gu!

Phazi la dalaivala silifunsa mutu. Anaponda buleki, galimoto inaima. Injini inkalira pansipansi. Ndiye anamva masipuling'i akulira pang'ono, kwii, ndipo mbali ya kumanzere inakwera mpaka galimoto inakhala mowongoka. Kunalibe mphepo, koma udzu wa m'kanjira kaja unagwedezeka, kuyambira pamsewu kulowera kumitengo, mosafulumira.

A Elube anaweramira kuzenera, kudutsa pamiyendo ya Feliya.

"Mwafika, bambo a Yotamu. Pepani ndi ulendo. Kapumeni. Koma musandidikire pamsewu, mwamva? Ine ndikadali ndi zochita."

Anayang'ana mpaka udzu unaleka kugwedezeka. Kenako anadzikonza mpango, natembenukira kwa mwana wawo.

"Ukuyang'ana chiyani? Tiye. Mawa ukagule simenti."

Anthu amene anati a Elube sadzaona mvula ya chaka chimenecho anachita manyazi. Anaiona, anadya ndi chimanga chachiwisi chomwe. Chiliza chinamangidwa iwo atakhala pampando pamthunzi, akukalipira amisiri kuti chapendekeka. Pamene nthawi yawo inadzakwana, anapita ali m'tulo, kwawo, ndipo anagona pafupi ndi manda okhala ndi mwini wake.

Pikapu ija ikadali ku Bangwe, ndipo Loweruka lililonse mudzamupeza Yotamu pansi pake, miyendo yokha ili kunja. Sipanala ya teni inayambanso kusowa ngati ya wina aliyense, ndipo ikasowa imasoweratu. Yotamu amati nthawi zina amaisiya dala pansi madzulo, m'mawa n'kuipeza pomwepo, m'fumbi, ndipo mtima umamuwawa pang'ono.

Tsiku lina Feliya anabwera kuchokera kushedi akukalipa kuti thadzi lake lakuda lasiya chisa chimene analikonzera, laikira mazira m'bodi, pakona ya kumanzere, ndipo lakhalira kale.

"Mukalichotse, bambo a Tiyamike. Nanga mawa mupita bwanji ku Limbe?"

Yotamu anapita kukaona. Thadzilo linamuyang'ana ndi diso limodzi, litafutukuka bwinobwino pamalo paja. Anaima pamenepo kanthawi, kapu ili m'manja.

"Lisiye," anatero. "Ndikwera minibasi."